Spesa ikalowa, werengani mazinga

Mwa magalimoto oyenda pa msewu wa M3, kuchoka ku Zomba kudzera pa Songani ndi pa Domasi mpaka ku Liwonde, ambiri ndi Probox ndi Sienta, ndipo si onse amene akuyendera marimu omwe anabwera nawo kuchokera ku Japan. Rimu ikapindika m'dzenje, mwini wake amagula ina yakale ya galimoto ya mtundu wina. Mabowo akugwirizana bwinobwino, koma poimanga n'kupeza kuti ikukhula mabuleki. Apa ndi pamene makaniko amatulutsa spesa, kachitsulo kozungulira kokhala pakati pa habu ndi rimu kuti tayala lituluke panja pang'ono. Achinyamata ena amaikira maonekedwe chabe, galimoto ioneke yotang'adza.

Funso limabwera pomwepo: masitadi, mabawuti aja otuluka pa habu, asinthidwe kapena akhale omwewo?

Aliyense amene anakhomapo denga la malata yankho ali nalo kale. Msomali umagwira chifukwa cha gawo limene lalowa mu mtanda, osati limene likuoneka pamwamba. Mukaika kathabwa pakati pa lata ndi mtanda, n'kukhoma ndi msomali womwewo, mutu wake umakhala bwino ndithu ndipo denga limaoneka lolimba, koma mu mtanda mwangolowa kansonga. Chilimwe chonse simudziwa kanthu. Mphepo ya mvula zoyamba ikatsika m'phiri la Malosa ndiyo imakuuzani.

Spesa ndi kathabwako. Mamilimita amene yatenga pa sitadi, nati yawataya. Lamulo limene amisiri amatsata ndi lakuti nati ilowe pa sitadi utali wosachepera kunenepa kwa sitadiyo. Masitadi a Toyota zing'onozing'onozi ndi onenepa mamilimita 12, ndipo nati ikazungulira kamodzi imayenda milimita imodzi ndi theka. Ndiye kuti iyenera kuzungulira ka 8 isanalimbe. Pa Nissan mazinga ake ndi othinana, milimita 1.25, choncho pamafunika pafupifupi ka 10. Kuyeza kwake sikufuna makina: ikani spesa, ikani rimu, ndipo mangani nati ndi zala mukuwerenga. Mukafika pa 8 (pa Nissan, 10), masitadi akale akukwanira. Mukathera pa 4 kapena 5, gulani aatali, ngakhale makaniko atalumbira kuti waikoka ndi paipi mpaka yalira. Kulimbitsa mopyola muyeso pa mazinga ochepa ndiko kumawadya msanga, ndipo nati yotha mazinga imamasuka osachenjeza, makamaka pa msewu wafumbi wa mabampu ngati wotsikira ku minda ya mpunga cha ku Chilwa, galimoto itadzaza matumba.

Spesa yopyapyala, ya mamilimita 3, nthawi zambiri imasiya mazinga okwanira. Ya mamilimita 5 ili pamalire, ndipo zimatengera kukhuthala kwa rimu: ya aluminiyamu imadya sitadi kuposa yachitsulo. Kuyambira pa mamilimita 8 kupita m'tsogolo, masitadi aatali ndi ofunika basi.

Palinso mtundu wina wa spesa, wokhuthala mamilimita 20 kapena 25, umene eni ma Hilux amakonda. Uwu umamangidwa pa habu ndi manati akeake ndipo umabwera ndi masitadi ake. Pamenepa vuto limatembenuka: masitadi akale akhoza kukhala aatali kwambiri, n'kutulukira pamwamba pa spesa. Ngati kumbuyo kwa rimu kulibe maenje oti nsongazo zibisalemo, rimu imakhala pa nsonga m'malo mogona pa spesa, ndipo tayala limagwedera ngakhale manati onse ali olimba. Magalimoto ambiri a Benz, BMW ndi Volkswagen alibe masitadi. Bawuti imalowa mu habu, kotero spesa iliyonse imafuna bawuti yotalikirapo ndi muyeso wa spesayo.

Chimene anthu amaiwala kawirikawiri ndi kamlomo kapakati pa habu, kamene kamakhazika rimu pakatikati. Spesa yamabowo ambirimbiri, yoti ikwane galimoto iliyonse, imakwirira kamlomoka, ndipo chiwongolero chimayamba kunjenjemera liwiro likakwera. Yabwino ndi yosemedwera habu ya galimoto yanuyo, yokhala ndi kamlomo kakekake. Mabering'i nawo amatopa msanga tayala likatalikira kunja.

Kusintha sitadi si ntchito yaikulu: yakale imagogodedwa n'kutuluka kumbuyo, yatsopano imakokedwa ndi nati mpaka mutu wake utakhala. Choipa ndi kuwotcherera kachidutswa kuti sitadi italike, chifukwa moto umafooketsa chitsulocho ndipo chimathyokera pa chilumikizo. Mukatha zonse, yendani makilomita 50 mpaka 100, kenako bwerezani manati onse ndi sipanala, modumphadumpha osati motsatana.