Safiro wopangidwa kufakitale: mwala umene umateteza kamera ya foni

Mwagula foni yatsopano, mwaisunga bwino, koma pakangotha miyezi ingapo galasi lake layamba kuoneka timikwingwirima. Ambiri timaloza chala makiyi ndi ndalama zachitsulo za m'thumba. Koma nthawi zambiri wolakwa ndi mchenga, timiyala ting'onoting'ono tija timene timalowa m'thumba ndi m'chikwama osadziwa.

Akatswiri amayeza kulimba kwa miyala ndi sikelo ya Mohs, yoyambira 1 mpaka 10. Galasi wamba lili pafupi ndi 6, pomwe quartz, mwala umene umapezeka kwambiri mumchenga, uli pa 7. Cholimba chimakala chofewa, basi. Ndiye mchenga ukakhudzana ndi galasi, galasi ndilo limagonja. Safiro ali pa 9, ndipo pasikeloyo amangoposedwa ndi dayamondi, yemwe ali pa 10.

Tikamva za safiro timaganiza za mwala wabuluu wa pamphete. Kwathu kuno miyala ya safiro ndi rube imakumbidwa paphiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu. Iwiriyi ndi mwala umodzi, aluminium oxide, ndipo imangosiyana mtundu. Mukalowa chromium pang'ono umafiira n'kukhala rube, mukalowa iron ndi titanium umakhala wabuluu. Ukakhala wopanda chosakaniza umaonekera ngati madzi, ndipo umenewu ndi umene mafakitale amaufuna.

Mu 1902 katswiri wa ku France, Auguste Verneuil, analengeza njira yopangira rube posungunula ufa wa aluminium oxide pamoto. Ufawu susungunuka mpaka kutentha kupitirire madigiri 2,000. Masiku ano amausungunula m'ng'anjo, n'kuusiya kuti uume pang'onopang'ono kwa masiku ambiri mpaka ukhale chimwala chimodzi chachikulu. Kenako amachidula timapale topyapyala pogwiritsa ntchito dayamondi. Si wabodza ayi: ndi safiro weniweni, kungoti sanakumbidwe pansi.

Chimene chimamupatsa ntchito si kulimba kokha. Safiro amadutsitsa kuwala kumene timaona, komanso ultraviolet ndi mbali ina ya infrared zimene maso athu saona. Amapirira kutentha ndi mankhwala ambiri owononga. N'chifukwa chake amaikidwa pamawotchi odula, pazenera za makamera ena a infrared, ngakhale pagalasi la makina ena owerengera mitengo ya katundu m'masitolo akuluakulu, pamene zinthu zimakhulidwa tsiku lonse. Kampani ya Apple inaika safiro pakamera ya iPhone 5 mu 2012, ndipo mu 2013 inamuikanso pabatani lozindikira chala la iPhone 5s.

Ngakhale tochi ya foni yanu ili naye pachibale. Ma LED ambiri oyera amapangidwa kuchokera ku LED yabuluu, ndipo LED yabuluuyo kawirikawiri imayalidwa pakaphale ka safiro. Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa chotulukira LED imeneyi. Laser yoyamba, imene Theodore Maiman anayatsa mu 1960, nayonso inali ya rube wopangidwa ndi anthu.

Nanga bwanji galasi lonse la foni silikhala la safiro? Poyamba ndi mtengo, chifukwa kumupanga kumadya magetsi ambiri ndipo kumudula n'kovuta. Chachiwiri, ndi wolemera kuposa galasi ndipo amanyezimira kwambiri padzuwa. Chachitatu, kusakalika n'kosiyana ndi kusasweka: foni ikagwa pasimenti, safiro akhoza kung'aluka ndithu. Kampani ya GT Advanced Technologies, imene inagwirizana ndi Apple kuti izipanga safiro wochuluka ku Arizona, inagwa ndi ngongole mu 2014. Mpaka lero mafoni ambiri akadali ndi galasi lolimbitsidwa ndi mankhwala, monga Gorilla Glass ya kampani ya Corning.

Apa ndi pofunika kusamala ndi ndalama zanu. Pakapaketi ka pulotekita mumaona palembedwa "9H", ndipo wogulitsa akhoza kukuuzani kuti ndi lolimba ngati safiro. Musatengeke. 9H ndi muyeso wa kulimba kwa pensulo, osati 9 wa pasikelo ya Mohs. Pulotekita wotere amathandiza, inde, koma mchenga umamukala ndithu. Chimodzimodzi wotchi yotchipa kwambiri yolembedwa kuti ili ndi safiro: nthawi zina amangopaka kansalu kopyapyala pamwamba pa galasi wamba, choncho funsani bwino musanalipire.

Zoyenera kuchita sizilira ndalama. Kutumulani m'thumba ndi m'chikwama kuti muchoke mchenga. Musagoneke foni chafufumimba patebulo la fumbi. Musanapukute kamera ndi malaya, yambani mwauzira kaye, chifukwa kamchenga kamodzi kokhulidwa pagalasi kamasiya chipsera chimene sichidzachoka.