Za Mauka ndi Mankhwala a Kumudzi

M'midzi ya ku Machinga ndi ku Balaka, mayi akamva kuyabwa kumalo obisika kapena akaona chikazi chachilendo, anthu amangoti ndi mauka. Pakuti nkhaniyi ndi yamanyazi, imathera kunong'onezana pamjigo, osafika kuchipatala. Komatu dzina limodzili labisa nthenda zingapo, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala akeake.

Choyamba kudziwa ndi ichi: m'njira ya abambo ya mayi wathanzi mumakhala tizilombo tabwino totchedwa Lactobacillus, timene dokotala wa ku Germany, Albert Döderlein, anatifotokoza m'chaka cha 1892. Timeneti timawawasitsa pang'ono malowo, kotero kuti tizilombo toipa sitingaswane. Tili ngati alonda a m'munda: mlonda akachoka, anyani amalowa. Tsono chomvetsa chisoni n'chakuti zothamangitsa alondawo ndi zomwezo zimene amayi ambiri amaziyesa ukhondo, monga kutsuka m'kati ndi sopo, mandimu kapena mchere, ndi kuikamo zitsamba zoumitsa. Makapisozi ogula pagolosale popanda dokotala amachitanso chimodzimodzi.

Chikazi choyera cha mibulu, choyabwa kwambiri, kawirikawiri chimadza ndi yisiti, ndipo mankhwala ake ndi clotrimazole woika m'kati. Chikazi chamadzimadzi cha fungo la nsomba chimasonyeza kuti alonda aja achepa. Chachikasu cha thovu chimadza ndi kachilombo kopatsirana pogonana. Ziwiri zomalizazi amachiza ndi metronidazole, amene ambiri amamudziwa kuti Flagyl. Ndipo pa ya thovuyo mwamuna ayenera kumwa nawo, apo ayi nthenda idzangobwerera.

Palinso nthenda ina imene amayi okhala m'mbali mwa Shire, nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta ayenera kuikumbukira. Imeneyi ndi likodzo. Ambiri amaliyesa nthenda ya anyamata okodza magazi, koma mayi wochapa kudambo kapena wopalira mpunga m'madzi okhala nkhono amalitenganso. Mazira ake amakhazikika pakhomo la chiberekero, nabweretsa kuyabwa, kuwawa pogonana ndi kutaya magazi pang'onopang'ono. Mabanja ena amakangana poganizirana chigololo, chikhalirecho mlandu ndi wa madzi. Apa Flagyl sathandiza, pafunika praziquantel.

Nanga chambiko ndi yogati, zimene ena amati zimachiza? N'zoona kuti muli tizilombo tabwino, ndipo ndi chakudya chomanga thupi. Amene ali nacho adye. Koma tizilombo ta mumkaka ndi abale chabe a alonda aja, ndipo kufufuza kwa madokotala sikunatsimikize kuti kudya chambiko kumachotsa nthenda imene yalowa kale. Kuchiika m'kati ndiye ayi. Zothandiza zenizeni za pakhomo n'zosafuna ndalama: kusamba kunja kokha ndi madzi oyera, kuvala kabudula wam'kati wa thonje wouma bwino padzuwa, kusintha nsalu pafupipafupi posamba kumwezi, ndi kupukuta cha kumbuyo pochokera kuchimbudzi. Mayi amene yisiti imamubwerera kawirikawiri akayezetse shuga ndi HIV, pakuti zonse ziwiri zimaitsegulira njira.

Mwambo woopsa koposa ndi wodula mauka ndi lezala. Akuluakulu ena amati mwana akatentha thupi ndiye kuti wayamwa mauka a mayi wake. Ndithudi sachita izi mwankhanza, koma chilonda cha lezala chimataya magazi ndi kulowetsa HIV ndi kafumbata, pamene mwanayo, amene mwina akudwala malungo, akuchedwa kulandira mankhwala.

Mayi woyembekezera, womva kuwawa m'chinena, wotentha thupi, kapena wotaya magazi atatha kugonana, asayese mankhwala a kumudzi ngakhale tsiku limodzi. Chipatala chachikulu cha Machinga chili ku Liwonde, cha Balaka chili pa boma pomwepo, ndipo m'zipatala za Boma thandizo ndi laulere. Kumeneko amayezanso khansa ya khomo la chiberekero popakapo viniga. Vinigayo ndi woonetsa nthenda, si mankhwala. Amene ali kutali afunse mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwawo za chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo popita asatsuke m'kati, kuti namwino aone chikazicho monga chilili.