Zonnestraal ndi Paimio: zipatala ziwiri za chifuwa chachikulu

Mankhwala a streptomycin asanapezeke mu 1943, wodwala chifuwa chachikulu ku Ulaya ankadalira makamaka mpweya wabwino, dzuwa, chakudya ndi kupuma. Nyumba yogonekamo odwala ndiyo inkagwira ntchito ya mankhwala, choncho wojambula mapulani ake anali ndi udindo wosasiyana kwenikweni ndi wa dokotala.

Zonnestraal, ku Hilversum m'dziko la Netherlands, idatsegulidwa mu 1928. Idamangidwira anthu okonza miyala ya dayamondi ku Amsterdam, ndipo zina mwa ndalama zake zidachokera ku tizidutswa ta mkuwa ndi fumbi la dayamondi zomwe ankatolera kuntchito. Wojambula mapulani Jan Duiker adaimanga ndi konkire wopyapyala ndi magalasi ponseponse, kuti dzuwa lilowe mosaletseka. Panalinso malo ophunzirira ntchito zamanja, poti cholinga chinali choti munthu achire abwerere kukadyetsa banja. Duiker ankakhulupirira kuti matendawa atha m'zaka makumi ochepa, ndiye sadavutike kumanga chamuyaya.

Ojambula mapulani Alvar Aalto ndi mkazi wake Aino adamaliza chipatala cha Paimio mu 1933, pakati pa nkhalango ya paini ku Finland. Kunja kwake sikusiyana kwambiri ndi kwa Zonnestraal: makoma oyera, makonde aatali oothera dzuwa. Kusiyana kuli m'chipinda. Aalto adalingalira za munthu wogona chagada miyezi yambirimbiri, amene dziko lake lonse ndi siling'i. Siling'iyo adaipaka utoto wosathobwa m'maso, nyali adaiika posalasa wodwala, kutentha adakulozetsa kumapazi. M'chipinda munkagona awiri, ndiye adapanga masinki oti madzi azigwera mopendekeka, mwakachetechete, kuti wosamba m'manja asadzutse mnzake. Ngakhale mpando adaupendeketsa msana kuti wokhalapo azipuma mosabanika. Mipando imeneyi akuipangabe mpaka lero, koma ogula ake masiku ano ndi a matumba onenepa, osati odwala.

Kwa ine, Duiker adaidziwa bwino nthendayo, pomwe Aalto adamudziwa bwino wodwalayo. Mankhwala atafala, zipatala zonse ziwiri zidayamba kulandira matenda ena. Paimio idapirira. Zonnestraal idachita dzimbiri, konkire nkumagumuka, mpaka ojambula mapulani Hubert-Jan Henket ndi Wessel de Jonge adayamba kuipulumutsa. Ntchito yawoyo ndiyo idabala bungwe la Docomomo mu 1988, loteteza nyumba zomangidwa mwamakono ngati zimenezi.