Ku Italy akudyera mabwinja, ife pa Ntcheu tingogulapo kachewere

Munthu aliyense amene amayenda pa msewu wa M1 pakati pa Blantyre ndi Lilongwe amaidziwa Ntcheu, koma amaidziwira pa windo la basi. Pa Kampepuza, pa Mlangeni mpaka pa Lizulu, chimene timaona ndi milu ya kabichi, ndowa za kachewere, tomato ndi anyamata othamangira basi atanyamula kaloti m'manja. Tikanenerera mtengo n'kulongedza katundu wathu, basi Ntcheu yathera pomwepo, maso ali ku Dedza. Lero ndikufuna tikambirane za chuma china chimene boma limeneli lili nacho, chuma chosalowa m'thumba koma chokhoza kudyetsa mabanja. Kuti nkhaniyi imveke bwino, mundilole ndiyambire kutali, ku Italy.

Chaka cha 2025 chinali chaka cha Jubile kwa Akatolika, ndipo Amalawi ena amene matumba awo anawalola anakwera ndege kupita ku Rome. Ndakhala ndikucheza ndi angapo a iwo, ndipo kafotokozedwe kawo n'kofanana. Munthu umalipiratu zonse ulendo usanayambe: basi, kogona, chakudya ndi matikiti olowera m'malo. Mukafika mumayenda pagulu ngati ana a sukulu, kutsogolo kuli namulondola atakweza kambendera kuti musasochere, aliyense atavala kachipangizo m'khutu komvera zimene iye akufotokoza.

Maulendo oterewa ali ndi njira yake yodziwika. Ku Rome amakuonetsani bwalo la Colosseum, limene linatsegulidwa m'chaka cha 80, kumene anthu ankamenyana mpaka kuphana khamu likuonerera. Kumwera kuli Pompeii, mzinda umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79. Mukaloza kumpoto mufika ku Florence kukaona denga lalikulu la tchalitchi limene Brunelleschi analimaliza mu 1436, kenako ku Pisa kumene kuli nsanja yopendekeka ija imene anayamba kuimanga mu 1173, n'kukathera ku Venice, mzinda umene misewu yake ndi madzi ndipo basi zake ndi maboti.

Chimene chandichititsa chidwi n'chakuti obwerako sasimba kwambiri za kutalika kwa makoma. Amasimba nkhani zimene namulondola anawauza: ndani anamanga, ndani anaphedwa pati, ndipo chifukwa chake chinali chiyani. Tinene zoona, theka la Colosseum linagumuka kalekale, ndipo Pompeii ndi mabwinja enieni. Mwala ndi mwala basi. Chimene mlendo amalipira ndi pakamwa pa munthu wodziwa mbiri, n'chifukwa chake ku Italy sungangodzuka n'kudzitcha namulondola. Pali mayeso a boma ndi chiphaso.

Musaganize kuti malonda amenewa anayamba ndi ndege ndi mahotela. Mu 1841 mlaliki wina wa ku Mangalande, Thomas Cook, anasonkhanitsa anthu pafupifupi 500 n'kuwakweza sitima kuchoka ku Leicester kupita ku Loughborough, ulendo wa tsiku limodzi, aliyense atalipira sheleni imodzi. Pofika 1864 munthu yemweyo anali akutsogolera gulu lake loyamba ku Italy. Anayambira pa anansi ake, pa kamtunda kochepa kuposa kochokera pa boma la Ntcheu kufika pa Lizulu.

Tsono tiyeni tikwere minibasi yathu, ine ndikhale namulondola wongogwirizira, tione ngati Ntcheu ingadzaze tsiku.

Pochokera ku Blantyre tiyambira pa Nsipe, pamene anaikidwa malemu Saulos Chilima, wachiwiri kwa pulezidenti, amene anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 June 2024. Imeneyi ndi mbiri ya dzulodzuloli, ndipo palibe Mmalawi wofunika kuuzidwa chifukwa choimira pamenepo.

Kuchoka apo tikwera mapiri kupita ku Nzama. Akatolika anayesapo kukhazikika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma anachokako patangopita zaka ziwiri. Mishoni yoyamba imene inazika mizu ndi ya ku Nzama, imene ansembe a chipani cha Montfort anatsegula mu 1901 m'dera la mfumu Njobvuyalema. Ndiye taonani: Mkatolika wa kuno angathe kusunga ndalama zaka zisanu kuti akaone Rome, pomwe ku Nzama, kumene mpingo wake unabadwira m'dziko muno, sanapondeko ndi tsiku limodzi.

Tikatsika tifika ku Dombole, kufupi ndi boma, ndipo apa m'pamene namulondola weniweni angagwetse anthu misozi. Angoni a kwa Maseko atayendayenda kuchokera kumwera kwa Africa mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, anabwerera n'kudzakhazikika ku phiri la Domwe. Mfumu yawo Chikuse itamwalira mu 1891, ufumu unapita kwa mwana wake Gomani. Iyi inali nthawi imene atsamunda anali kukhometsa msonkho wa nyumba ndipo anthu anali atayamba kupita kukagwira ntchito kwa azungu. Gomani anaona kuti anthu ake akulandidwa iye ali maso. Atsamunda anamuimba mlandu woti wathira nkhondo midzi yozungulira mishoni ya Zambezi Industrial Mission pa Dombole, n'kutumiza asilikali. Pa 27 October 1896 anamuwombera. Angoni amasimba kuti iye anakana kuyendetsedwa ngati kapolo pamaso pa anthu ake, nasankha kufera pomwepo. Manda ake ali m'dera lomweli, pakati pa Dombole ndi Chiole. Kodi mwa ife amene timadutsa sabata ndi sabata kukaoda katundu ku Limbe, ndi angati amene tinaimapo?

Kupitirira Biriwiri, msewu womwewo usanduka phunziro. Kudzanja lina ndi Malawi, kudzanja linalo ndi Mozambique. Malire amenewa anadulidwa pa pangano la Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, ndipo anang'amba Angoni pakati, Domwe n'kutsalira tsidya la Angonia. M'zaka za nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, abale athu ambirimbiri ankangodumpha msewu womwewu kuthawira kuno. Mwana wa sukulu amene amaloweza za kugawidwa kwa Africa kuti akhoze mayeso, mutamuimika apa phazi lina uku lina uko, sangadzaiwalenso.

Tsiku lithera pa Lizulu, likulu la Inkosi ya Makosi Gomani. Amalonda, pisani m'thumba mutulutse K50. Nkhope imene ili pamenepo kuyambira 2012 ndi ya Philip Gomani II, mwana wa Gomani wophedwa uja. Mu 1953 iye anauza anthu ake kuti akane malamulo a atsamunda potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linamuchotsa paufumu, apolisi anabwera kudzamutenga, ndipo ngakhale anali wodwala anawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott. Apwitikizi anamubweza, ndipo anamwalira mu 1954. Bambo kuphedwa ndi atsamunda, mwana kuvulidwa ufumu ndi atsamunda omwewo, zonse m'boma limodzi. Mukakonza ulendo wanu pa nthawi ya Umhlangano, mwambo wa chaka ndi chaka wa pa Nkolimbo, alendo anu aoneranso ngoma, msindo ndi uyeni.

Ndikudziwa chimene ena mukunena: aise, usafanizire njovu ndi kalulu. N'zoona. Pofika 2025 dziko la Italy linali ndi malo 61 pa mndandanda wa bungwe la UNESCO, kuposa dziko lina lililonse, pomwe ife tili ndi atatu okha: Lake Malawi National Park, zojambula za pamiyala za ku Chongoni ndi phiri la Mulanje. N'zoonanso kuti mzungu akatsika ndege pa Kamuzu International Airport mtima wake uli kunyanja ndi kwa njovu za ku Liwonde, ndipo misewu yopatukira ku mamishoni imavuta nthawi ya dzinja.

Koma ndani wanena kuti tidikire mzungu? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kasitomala woyamba ndi Mmalawi. Masukulu amasonkhetsa ndalama chaka chilichonse kuti ana akaone malo, ndipo kawirikawiri ulendo umathera pa kusamba m'nyanja ndi kujambulitsa. Amayi a Mvano, amayi a Chikatolika, makwaya, mabanki m'khonde akagawana ndalama mu December, onsewa amachita hayala basi. Chiphaso chokha cholowera ku Italy ndi mayuro 90 munthu usanagule ndi tikiti yomwe, pomwe ulendo wa Ntcheu ungatheke ndi mtengo wa mafuta, nsima ya masana ndi kangachepe ka namulondola.

Apa ndiye ndikulankhula ndi inu ophunzira. Ine ndinachoka ku koleji digiri ndisanatenge, choncho ndikuudziwa bwino ululu woyenda ndi envelopu ya khaki ofesi ndi ofesi. Anzanga amene anamaliza maphunziro a mbiri yakale ambiri akugulitsa mayunitsi, ena akudikira kuti boma lidzawalembe uphunzitsi. Chimene ali nacho m'mutu ndi katundu, koma palibe anawauza kuti n'chogulitsika. Mpamba wake si waukulu: kuwerenga mozama, kukhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi, kuyenda njirayo mpaka kuidziwa ngati chikhatho chako, ndi foni yolengezera pa WhatsApp. Inunso amalonda muli ndi gawo. Mwini minibasi amene amalimbirana pasenjala ndi anzake pa depoti angasangalale ndi hayala ya tsiku lathunthu. Wa lesitilanti pa boma angaphike mbale makumi atatu zolipiriratu. Ngakhale kachewere yemweyo angagulidwe kwambiri ndi anthu amene atsika n'kukhala maola awiri kusiyana ndi ogulira pa windo. Mutu umodzi susenza denga. Wa galimoto, wa chakudya ndi wodziwa mbiri akagwirizana, ulendo wapsa.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo Ataliyana matopewo akuwaponda. Ku Venice alendo anachuluka mpaka eni mzinda kuyamba kusamuka chifukwa nyumba zinasanduka zogona alendo. Mu April 2024 akuluakulu a mzindawo anayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa obwera tsiku limodzi pa masiku a chipwirikiti, ndipo mu August chaka chomwecho analetsa magulu opitirira anthu 25 ndi zokuzira mawu. Ku Pompeii, kuyambira November 2024, salola anthu oposa 20,000 pa tsiku. Ife sitinafike kumeneko, koma ndi bwino kumanga khola ng'ombe zisanabwere.

Choyamba, manda si msika. Pa Nsipe pali banja lolira, ndipo pa manda a Gomani pali mwambo wa Angoni. Palibe wololedwa kutsitsa gulu pamenepo osayamba wagwada kwa eni ake, ndipo akakana, kwatha. Chachiwiri, ndalama zisamathere m'tauni. Ku Italy madandaulo ndi akuti gulu limatsika, kujambula, n'kukwera basi, phindu n'kupita kwa kampani ya kutali. Ngati mudzi umene ukusesa pamalopo suonapo kanthu, tsiku lina mudzapeza chikwangwani chitasanduka chitseko cha bafa. Chachitatu, namulondola anene zoona zonse. Angoni omwe tikuwatamanda chifukwa chokana atsamunda anathiranso nkhondo Achewa ndi mitundu ina imene anaipeza, ndipo amishoni amene anabweretsa sukulu ndi zipatala nthawi zina anayenda limodzi ndi boma la msonkho. Mbiri yokometsera mbali imodzi tinaimva mokwanira m'zaka 30 za chipani chimodzi, pamene ngakhale dzina la mwana wa ku Ntcheu konkuno, Albert Muwalo, amene ananyongedwa mu 1977, linkatchulidwa monong'ona.

Pempho langa kwa khonsolo ya Ntcheu ndi nthambi ya boma yosunga za makedzana ndi laling'ono: zikwangwani za m'Chichewa pa msewu zolozera malowa, zimbudzi zaukhondo, ndi maphunziro a milungu ingapo kwa achinyamata ofuna ntchitoyi, mafumu ndi mipingo atakhalapo. Zimenezi sizifuna ngongole ya kunja.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si zikwangwani. Makoma a ku Rome adikira zaka pafupifupi 2,000 ndipo angathe kudikirabe. Mbiri yathu yambiri siili m'makoma, ili m'mitu ya agogo. Amene anaona ndi maso awo apolisi akubwera pa Lizulu mu 1953 lero apitirira zaka 80, ndipo chaka chilichonse tikuwaperekeza kumanda mmodzimmodzi. Wophunzira amene uli pa holide, tenga foni yako ukawajambule mawu mwezi uno. Ukachedwa, udzatsogolera gulu lako pamalo n'kusowa chonena.