Penti sabisa, amaulula

Loweruka lapitali kunabwera bambo wina kugalaja kwanga kuno ku Bangula, atatsogoza mwana wake wa Sitandade 7. Mnyamatayo anali atanyamula kagalimoto ka Toyota Hilux komwe anapanga yekha ndi zitini za mafuta ophikira komanso waya. Anakapaka penti wofiira wochuluka mpaka mizere ya zitseko inakwiririka, ndipo m'mbalimu penti anayenderera n'kuumira momwemo. Bambowo anati, "Amisiri, tamuuzani penti wabwino woti agule, akapakenso kuti zonsezi zibisike."

Amenewo ndiwo mawu amene ndatopa nawo pa ntchito yanga yowongola ndi kupenta magalimoto. Ndimawamva kwa eni minibasi zoyenda pakati pa Nsanje ndi Blantyre, ndimawamva kwa akabaza, tsopano afikanso kwa ana opanga tigalimoto. Anthu amakhulupirira kuti penti ndi chofunda, kuti ukathira wambiri popindika pamasowa. Bodza lenileni. Penti wonyezimira amabweza kuwala, ndipo paliponse pamene chitsulo chatukuka kapena chalowa m'kati, kuwalako kumapotoka, diso n'kuona. Chitseko chimene chinkaoneka chosalala chisanapakidwe chimayamba kuonetsa mabampu ake onse chikangowala. Penti wakuda ndiye woulula kuposa onse. Woyera amakhululukako pang'ono, koma nayenso sabisa.

Pa kagalimoto kakang'ono vutoli limakula, ndipo chifukwa chake ndi sikelo, muyeso wa mmene tachepetsera chinthu. Tikati 1:24, ndiye kuti chilichonse cha pagalimoto yeniyeni tachigawa ndi 24. Hilux ya double cab ndi yaitali pafupifupi mamita 5.3, choncho yaing'onoyo iyenera kukhala masentimita 22. Tayala lake, lomwe ndi masentimita pafupifupi 77 kuchoka pansi kufika pamwamba, limatsikira pa masentimita atatu ndi pang'ono, komwe ndi kukula kwa chitsekerero chachitsulo cha botolo la Fanta. Ana athu akhala akutola zitsekerero zimenezi kuyambira kale, osadziwa kuti akuchita masamu. Tsono masamu omwewo tiwatembenuze. Penti wokhuthala milimita imodzi pa kagalimoto ka 1:24 ndiye kuti pa Hilux yeniyeni wakhuthala masentimita pafupifupi awiri ndi theka. Ndani angakwere galimoto yotero? Zogwirira zitseko, magetsi, mizere ya boneti, zonse zimamira.

Kagalimoto ka mnyamatayu kanalinso ndi matayala a zivundikiro za polishi wa Kiwi, aakulu moti akanayenera lole ya nzimbe ya ku Nchalo. Ndinamuuza kuti, "Iwe, manja uli nawo. Ukapeze Hilux yoima pamsika, upemphe dalaivala mwaulemu, uyeze ndi chingwe kutalika kwake, kukula kwake ndi pamene matayala akhala. Kenako ugawe ndi 24." Anandiyang'ana modabwa kuti masamu a kusukulu amutsatira mpaka kugalaja.

Pali ena amene amati tigalimoto tathu timaoneka tosakongola chifukwa tilibe zipangizo za kunja. Zoona, kumeneko kuli makampani monga Tamiya ya ku Shizuoka ku Japan, Airfix ya ku Britain ndi Revell, amene amagulitsa tizidutswa ta pulasitiki m'bokosi kuti munthu alumikize yekha, ndipo tigalimoto tambiri ta Tamiya ndi ta sikelo yomweyi ya 1:24. Koma amene amadziwa ntchitoyo kumenekonso amathera nthawi yochuluka akupala ndi kusalaza, kupenta n'kwa kumapeto. Ndipo ine sindivomera kuti mwana wathu ndi wotsalira. Wa kunjayo amapeza chitseko chitaumbidwa kale, pamene wa ku Bangula amayamba ndi chitini chopanda kanthu, sizasi yakale ndi pulayala yobwereka. Mu 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'dziko muno, analemba buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mwana wa ku Malawi wofunafuna mawaya. Ana a kunja amawerenga za luso limeneli pamene ife tikukalipira athu kuti akutaya nthawi.

Ntchito yeniyeni ili pansi pa pentiyo. Chitini cha mafuta chimabwera ndi mafuta ake komanso vanishi wa kufakitale, ndipo penti sagwira pa zimenezo. Chitsukeni ndi sopo, chiume, muchipale ndi sandpaper ya nambala 400 mpaka kunyezimira kuthe. Nambala ikamakwera sandpaper imakhala yosalala kwambiri: 180 ndi yaukali, 800 ndi yomalizira. Popindika wongolani pathabwa ndi kahamala, pang'onopang'ono. Pokana kuwongoka mpamene timaika fila, phala lija limauma n'kulimba, koma pang'ono chabe. Kenako pulayima, penti woyamba wotuwa wosawala. Ntchito yake ndi kugwira chitsulo, komanso kukuonetsani pamene simunasalaze nthawi ikadalipo. Ngati mwadula lata la padenga, dziwani kuti zinki wake amakana penti wamba, amafuna pulayima yakeyake yotchedwa etch primer, apo ayi pakapita miyezi penti amasupuka yense.

Kunonso kuchigwa tili ndi mdani amene anzathu a ku Dedza samudziwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Mukapopera penti wa m'chitini masana, timadontho timauma tisanafike pachitsulo, ndiye pamwamba pamakhala pokhakhala ngati mwawazapo mchenga. Ife timati dry spray. Ambiri akaona zimenezi amayandikiza chitini n'kupopera kwambiri, penti n'kuyamba kuyenderera. Nthawi ya mvula, chinyezi chochokera ku Shire ndi madambo ake chimachititsa penti wouma msanga kuchita mbuu, osawala. Onjezani fumbi la mumsewu wa M1 lole ikadutsa.

Nanga wongoyamba kumene atani? Nthawi yabwino ndi m'mawa mame atauma dzuwa lisanakwere, pamthunzi, panja, mphepo ili kumbuyo kwanu. Chitini cha penti chikhale masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa kagalimotoko, ngakhale izi zimasiyana ndi mtundu wa penti, choncho yambani mwayesa pachitini china. Kupaka kopyapyala katatu, n'kumadikira kuti kuume, kumaposa kamodzi kokhuthala. Musapopere penti wa thinara pamwamba pa penti wamafuta, nthawi zambiri wa pansiyo amakwinyika. Mawindo ndi mizere tsekani ndi masking tape, muichotse penti asanaumitsitse. Wopanda ndalama ya penti wopopera asadandaule, burashi yofewa ndi penti wosungunula bwino zimagwira ntchito, kungoti zimafuna kuleza mtima. M'mphepete mwa chitini chimene mwadula pindani, mumacheka zala. Mwana asapopere m'nyumba, asasambe m'manja ndi thinara, ndipo waya akapemphe kwa owotcherera zitsulo, osati kudula mipanda ya anthu kapena kuyandikira mawaya a magetsi.

Makolo, mwana wanu akayamba kupinda mawaya ndi kudula zitini, musathamangire kugolosale kukagula penti. Yambani mwamugulira rula ndi sandpaper, ndipo mumufunse kuti galimoto yakeyo waichepetsa kangati.