Nambala ya Anthu a ku Lundazi Ikana Kugawika Patatu

Pamene akalembera a Boma anayenda khomo ndi khomo m'caka ca 2010, anapeza kuti m'boma la Lundazi munali anthu 323,870. Nthawi imeneyo Lumezi ndi Chasefu anali akali mbali za boma lomweli. Anapatulidwa kukhala maboma paokha m'caka ca 2018.

Nambalayi ndi yaikulu ndithu. Munthu atati achule anthuwo mmodzimmodzi, mmodzi pa sekondi iliyonse, osagona ndiponso osadya, angathe masiku atatu ndi maola pafupifupi 18.

Komabe nambala iliyonse, ingakule cotani, ili ndi khalidwe lake, ndipo munthu angalidziwe mwa kungoiyang'ana. Popeza iyi ithera ndi 0, igawika pawiri, pasanu ndi pakhumi popanda cotsala. Patatu ndiye ikana. Njira yodziwira ndi yapafupi: kuphatikiza manambala ake onse, 3, 2, 3, 8, 7 ndi 0, ndipo apanga 23. Pogawa 23 patatu patsala 2, cotero nambala yaikuluyo nayonso itsaza 2. Magulu atatu angakhale ndi anthu 107,956 lililonse, anthu awiri n'kutsala pabwalo. Izi sizinaletse boma kudulidwa patatu, pakuti malire satsata masamu otere.

Akatswiri a masamu amapitirira pamenepa. Iwo amaphwanya nambala mpaka afike pa manambala osagawika, ndiwo aja amene sagawika ndi nambala ina iliyonse koma 1 ndi iwo eni. Monga nyumba imangidwa ndi njerwa, nambala iliyonse yoposa 1 imangidwa ndi manambala amenewa, ndipo palibe manambala awiri a njerwa zofanana. Njerwa za 323,870 ndi zinayi: 2, 5, 139 ndi 233. Zikaculukitsidwa pamodzi zibweza nambala yomwe ija. Ndiye kuti anthuwo akanagawika bwinobwino m'magulu 139 a anthu 2,330, kapena m'magulu 233 a anthu 1,390. Manambala onse amene aigawa popanda cotsala ndi 16 cabe, kuwerengera 1 ndi iyo yomwe.

Wina anganene kuti izi n'za ana a sukulu. Iyayi. Mlembi wa kopaletivu amene walandira matumba a feteleza, tinene 4,520, kuti awagawire magulu atatu a alimi, afunika nzeru yomweyi. Akaphatikiza 4, 5, 2 ndi 0 apeza 11, ndipo adziwiratu kuti matumba awiri adzatsala. Ayenera kunena zimenezi pamsonkhano kugawa kusanayambe, kuti alimi apangane okha kumene matumbawo adzapite. Akakhala cete, matumba awiri otsala m'shedi ndi okwanira kuti pamudzi pamveke mphekesera zoti mlembi waba.