Kusaka kabokosi kobisidwa kudambo: foni imadziwa manambala, siidziwa ng'ona

Geocaching ndi masewera osaka kabokosi kobisidwa motsogozedwa ndi GPS. Wina amatenga kabokosi kotseka bwino, amaikamo kabuku ndi pensulo, mwinanso tinthu ting'onoting'ono tosinthana, n'kukabisa m'phako la mtengo kapena kuseri kwa mwala. Akatero amalemba manambala a malowo, latitude ndi longitude, n'kuwapereka kwa anzake. Wosaka amalowetsa manambalawo mufoni n'kumayenda mpaka atafika. Akakapeza amalemba dzina lake ndi tsiku m'kabuku muja, n'kukabwezera pamalo pomwepo. Palibe ndalama yobetcherana, palibenso mphotho. Ife tikuona kuti masewerawa angathandize ophunzira athu pa phunziro la mapu, koma madambo a kuno kwathu ali ndi zake zimene makolo ndi a komiti ayenera kuzimva mwana asanaponde m'bango.

Masewerawa si akale kwenikweni. GPS ndi ya boma la America, ndipo kufikira chaka cha 2000 asilikali a dzikolo ankasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita pafupifupi 100. Kumayambiriro kwa Meyi chaka chimenecho boma la Bill Clinton linasiya kusokonezako. Pa 3 Meyi, Dave Ulmer anabisa ndowa yakuda m'tchire pafupi ndi Beavercreek ku Oregon, n'kulengeza manambala ake pa intaneti kuti aone ngati ena angaipeze. Anaipeza m'masiku ochepa. M'ndowamo munali mabuku, legeni ndi chitini cha nyemba. Lero mabokosi otere aposa 3 miliyoni m'mayiko oposa 190.

Nanga foni imadziwa bwanji pamene ili? Masetilaiti a GPS, omwe sachepera 24, amazungulira dziko ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo iliyonse imaulutsa nthawi ndi malo amene ili. Foni imangomvetsera. Ikamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imawerengera kutalika kwa iliyonse n'kupeza malo ake. Pa ntchito imeneyi bandulo siifunika. Imafunika potsegula mapu basi. Monkey Bay ili pafupifupi pa 14°05′ kummwera ndi 34°55′ kummawa. Ndi manambala omwewa amene mapulogalamu a mufoni amagwiritsa ntchito posonyeza kibla, imene kuchokera kuno ili chakumpoto, kupendekera kummawa ndi madigiri pafupifupi 8.

Ophunzira a Fomu 2 ndi Fomu 3, gwirani ichi. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, ndipo mphindi imodzi ya digiriyo ndi makilomita pafupifupi 1.85. Osewera amalemba mphindizo ndi manambala atatu pambuyo pa kadontho, ndiye kuti nambala yotsiriza ikasintha ndi 1, malo asuntha mamita pafupifupi 2. Mukalakwitsa nambala yoyamba pambuyo pa kadontho, mwasochera ndi mamita 185. Mukalemba N m'malo mwa S, foni ikulozerani ku Sudan. Pamayeso kulakwa kotere kumangochotsetsa malikisi; kudambo kumakuyendetsani dzuwa lonse.

Ngakhale manambala akhale olondola, foni yabwino imaphonyabe ndi mamita 5 kapena 10, makamaka pansi pa mitengo ndi pakati pa miyala ikuluikulu ngati ya m'mapiri a Nankumba. Pabwalo la mpira mamita 10 si kanthu. M'mphepete mwa dambo, mamita 10 ndiwo amalekanitsa pouma ndi pamene pagona ng'ona. Muvi wa pafoni umaloza molunjika, sudziwa kuti pakati pali thope, bango kapena mkwaso wa mvuu. Mwana amene maso ake ali pafoni amatsata muviwo osayang'ana pansi.

Ku Ulaya ndi ku America mitengo imaphukira m'miyezi ya Malichi mpaka Meyi, chisanu chikatha. Kwathu nyengo yophukira mitengo ndi Seputembala mpaka Novembala, pamene mitengo ya tsamba imavala masamba ofiira ndipo anamzeze amafika kuchokera kumpoto. Ndi nyengo yokoma kuyenda: udzu wauma, njira zatseguka, akakowa ndi anantchengwa amaonekera patali pa madzi otsala. Koma madzi akachepa, zamoyo zonse zimasonkhana pa madzi omwewo. Imeneyi ndiyonso nyengo imene ng'ona zazikazi zimakumba maenje mumchenga n'kuikira mazira, ndipo zimalondera pafupi kwa miyezi pafupifupi itatu. Mchenga wouma, wobisika ndi bango, umene mwana angauone ngati malo abwino obisapo kabokosi, ndi umenenso ng'ona imausankha. Mvuu zimatuluka madzulo kukadya msipu n'kubwerera m'bandakucha, ndipo munthu woima pakati pa mvuu ndi madzi ali pangozi. N'chifukwa chake sitilola kusaka m'mamawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Dzanja silipisidwa m'phako kapena pansi pa mwala ndodo isanalowemo, chifukwa mphiri siithawa munthu.

Pali mdani wina wosaoneka. Nkhono zofalitsa likodzo zimakhala m'madzi odekha a m'bango, ndipo tizilombo take timalowera pakhungu. Sitifunika kuwauza anthu a m'mbali mwa nyanja za matendawa. Kabokosi kofuna kuti wosaka avule nsapato n'kulowa m'madzi n'kobisidwa molakwika.

Wobisa aganizirenso za mwezi wa Febuluwale. Nyanja yathu imatsika kwambiri cha mu Novembala ndi Disembala, n'kukwera mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, ndipo kusiyana kwake kumafika pafupifupi mita imodzi pachaka. Pamalo athyathyathya mita imodzi imameza dera lalikulu. Mu 2024 tonse tinaona madzi akulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi. Kabokosi kobisidwa pouma mu Okutobala kakhoza kumira kapena kukokoloka, n'kusanduka pulasitiki ina yoyandama m'nyanja. Ndipo kakapulumuka madzi, pali moto wolusa wa m'chilimwe. Malamulo a masewerawa amaletsa kukumba pansi ndi kuikamo chakudya. Lachiwirili n'losavuta kulimvetsa kwa aliyense amene anaonapo anyani a ku Cape Maclear akusanthula chikwama cha mlendo.

Chimene ife tikuchiona chachikulu kuposa zonsezi ndi anthu. Dambo si tchire lopanda mwini. Muli madimba a anthu, msipu wa ng'ombe, bango lolukira mphasa, ndipo malo ena ali pafupi ndi manda. Gulu la achinyamata osadziwika likuzungulirazungulira ndi foni, kusuzumira m'mapako ndi kubisa kanthu kotsekedwa, likhoza kuganiziridwa zoipa. Tikukumbukira za mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo zinaphetsa anthu osalakwa. Choncho asanabise kanthu kalikonse, aphunzitsi azikaonana ndi amfumu ndi mwini malo, kuwaonetsa kabokosiko chotsegula, ndipo pachivundikiro pazilembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti n'chiyani komanso n'cha sukulu iti. Pamenepa a komiti ya mzikiti mungatithandize kuposa wina aliyense, pakuti mumadziwana ndi midzi imene ana athu amachokera.

Mbali yaikulu ya mapiri ndi zilumba zotizungulira ili m'Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inailemba m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Malire ake amalowa mamita 100 m'madzi. Mmenemo simubisidwa kanthu popanda chilolezo cha a nthambi ya zinyama zakutchire. Mwayi wake, pali mtundu wina wa masewerawa wopanda kabokosi, wotchedwa EarthCache, umene unayamba mu 2004. Manambala amakufikitsani pa mwala, mtsinje kapena phanga, ndipo umboni woti munafika ndi mayankho a mafunso okhudza zimene mwaona. Mwala wa Mphini, panjira ya ku Cape Maclear, ndi woyenera masewera otere: ophunzira ayeze mizere ija, aone kumene yaloza, afotokoze mmene dzuwa ndi mvula zingaigobere.

Kudambo nakonso tingachite chimodzimodzi. Ophunzira ayende m'magulu a anthu osachepera anayi pamodzi ndi mphunzitsi, mmodzi agwire foni, ena ayang'ane njira. Aime pouma, alembe manambala a pamene madzi alekezera, awerenge mitundu ya mbalame imene aiona. Mu Epulo, gulu lomwelo lidzabwerere ndi manambala omwewo kukayeza mamita amene madzi asuntha.